M'dzina la Mzime

"Mwana ndi wanu, palibe akukana. Koma tsitsi mwakametetsalo ndakhala ndikuluka ndine, ndiye mundiuze chimene lakulakwirani."

Make Kachepa anayankhula ali chikhalire pa makina ake osokera pakhonde, phazi lili pachopondera koma osapalasa. Amuna ake ankasamba simenti m'manja pabeseni. Iwo anali mmisiri womanga nyumba, koma mudzi wonse unkangowatchula kuti Atcheya chifukwa ndiwo ankatsogolera komiti ya sukulu. Anayankha osatembenuka kuti kusukulu kwabuka nsabwe, ndipo ahedi alamula kuti ana amete.

Mayiyo anafunsa ngati nsabwe za chaka chino zayamba kusankha mitu, poti ana a aneba onse abwerera ndi tsitsi lawo, ndipo Mzime, mwana wawo wamng'ono, amene amagona mphasa imodzi ndi mkulu wake Kachepa wometedwayo, palibe wamukhudza. Atcheya anati mkazi wofunsa chilichonse amakalamba msanga. Anapukuta manja pathalauza, nalowa m'nyumba.

Kachepa anali ataima pakhomo, dzanja lili pamutu. Anali mtsikana wa Sitandade 6, wanzeru ndithu, koma thupi lake linakana kukula kuyambira ali khanda, n'chifukwa chake dzinalo linamumatirira. Tsopano popanda tsitsi ankaoneka ngati kamwana koyamba kumene sukulu. Mng'ono wake Mzime, wa Sitandade 2, anali wojintcha, ndipo akaima pamodzi mlendo sakanadziwa wobadwa poyamba. Make anawayang'ana onse awiri.

Kumetako sikunali koyamba kumudabwitsa. Sabata yonseyo Kachepa ankafika kunyumba dzuwa litapendeka, anzake ataweruka kalekale. Akafunsidwa ankangoti anatsalira ku ofesi ndi achiwiri kwa ahedi. Bambo ameneyo make Kachepa sankamukonda. Anali munthu wa mafuta onunkhira ndi nsapato zosongoka, woseka ndi mano onse ngakhale pamaliro. Mwana wamkazi kutsala mu ofesi ndi munthu wotero, bambo ake n'kumati palibe vuto, ndiye kuti pali chimene chikuphikidwa. Pochapa, mayiyo anayamba kuunika zovala za mwanayo mkati ndi kunja. Ankamuyang'ana kayendedwe, kakhalidwe pampando, ngakhale kadyedwe. Tsiku lina akutsuka mbale kuseri kwa nyumba anamufunsa mosabisa.

"Iwe, undiyang'ane. Alipo wakugwira?"

"Ayi, amayi."

"Nanga mumachita chiyani mu ofesimo?"

"Anatiuza kuti tisanene. Abambo akudziwa."

Mawu akuti "anatiuza" anamupatsa mpumulo pang'ono, poti ndiye kuti mwanayo sankakhala yekha. Koma akuti "abambo akudziwa" anamulasa kuposa singano.

M'mawa mwake ananyamula siketi imene anasokera mlamu wake, mchemwali wa Atcheya, amene ankagulitsa nthochi ndi maswiti pageti la sukulu. Mlamuyo anali wailesi yosathima. Asanafunsidwe n'komwe ananena kuti ometedwa si Kachepa yekha, alipo angapo, anyamata ndi atsikana omwe, onse a makalasi apamwamba, ndipo onse ndi aja Mulungu anawamana msinkhu. Anaseka n'kunena kuti mwina boma layambitsa sukulu ya anthu aafupi, ndipo iyenso akalembetsa. Kenaka anatsitsa mawu, nati kukubwera alendo a ku unduna kudzayesa ana a Sitandade 2 kuwerenga, ndipo ahedi sakugona tulo. Make Kachepa atafunsa kuti nanga za Sitandade 2 zikumukhudza bwanji mwana wa Sitandade 6, mlamuyo anayamba kuthamangitsa ntchentche panthochi zake.

"Alamu, ine ndimagulitsa maswiti. Funsani achimwene."

Pobwerera anadutsa kuseri kwa kalasi imene Madamu ankaphunzitsira masana. Madamu anali mphunzitsi wapadera amene boma linamutumiza chaka chimenecho, sukuluyo itachita moipa pa mayeso owerenga. Ankasonkhanitsa ana onse amene zilembo zinawakanika, n'kuyamba nawo poyambirira penipeni, wina aliyense payekha. Mzime anali m'gulu limenelo. Mwanayo anali atabwereza kale kalasi, ndipo chaka chatha ankati akaona buku m'mimba muzimupweteka. Koma chilowereni kwa Madamu anasintha. Ankasaka zilembo paliponse, pamatumba a simenti a bambo ake, pachitini cha mafuta a makina, n'kumazitchula chimodzichimodzi, chala chili pomwepo. Kulumikiza kuti zipange mawu ndiye kunali kusanabwere bwino, koma Madamu anati m'mera mpoyamba, asamufulumizitse. Make Kachepa, amene sukulu anailekeza panjira ali wamng'ono, ankamvetsera kutchula kwa mwanayo monga mmene mlimi amamvetsera mabingu oyamba.

Tsiku la alendo litafika, Atcheya anadzuka atavala jekete. Anati Mzime asapite kusukulu chifukwa akutsokomola. Mkazi wawo anati iye chifuwacho sanachimve. Iwo anati anachimva iwowo, ndipo anatuluka atagwira Kachepa padzanja, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire mwanayo sukulu.

Dzuwa litakwera, make Kachepa anakweza maso pamakina n'kuona kuti msewu wadzaza ana. Ankasewera mpira, ena kulumpha chingwe, fumbi koboo. Anafunsa mmodzi chifukwa chake sali kusukulu, mwanayo nati akudwala mutu, n'kuthamangira mpira. Wina anati m'mimba. Mayiyo anawayang'anitsitsa odwala amphamvuwo ndipo anawazindikira. Onse anali a kalasi ya Madamu. Anasiya kupalasa makina. Ulusi unali utayamba kulowa pasingano, koma sanafune kukhulupirira.

Kachepa anabwera masana ali ndi pensulo yatsopano ndi rula. Anazipereka kwa Mzime.

"Tenga. Ndi zako."

Mzime analumpha ndi chimwemwe n'kuthamangira kukaonetsa anzake. Make anakokera Kachepa kuchipinda, natseka chitseko, ndipo ulendo uno mwanayo sanalimbe. Anafotokoza kuti alendo amabwera ndi mayina awo amene asankha m'kaundula, osauza sukulu. Choncho ahedi anachotsa ana onse osadziwa kuwerenga, ndipo pamalo pa aliyense anakhazikapo wamkulu wochepa thupi, woti akamva dzina la mwini malowo aimirire. Mu ofesi muja sankaphunzira kuwerenga ayi. Achiwiri kwa ahedi ankawaphunzitsa kuvomera dzina la eni, kuchepetsa zaka zawo, kukhala pansi moyala miyendo ngati tiana, ndiponso kudodoma. Anawauza kuti wowerenga mothamanga awagwiritsa, ndiye aziima pamawu aatali, azilozera ndi chala, nthawi zina azikanda m'mutu.

"Ndiye dzina la Mzime linatuluka?"

"Linatuluka, amayi. Ndinayamba bwinobwino, modula monga anatiuzira. Koma nkhaniyo inali yokoma, ndinaiwala. Ndinangozindikira ndafika kumapeto, mayi wa ku unduna amene amatiyesayo akuomba m'manja."

Mwanayo ananena zimenezi akulira, ngati kuti cholakwa chake chinali chimenecho.

Atcheya atabwera madzulo anapeza madzi osamba palibe. Mkazi wawo anawauza ana kuti apite kwa azakhali awo, iye nakhala pampando moyang'anana nawo. Anawafunsa ngati chifuwa cha Mzime chapola. Iwo anaona kuti chinsinsi chaphulika, ndipo sanakane. Anavula jekete pang'onopang'ono, nayamba kufotokoza ngati ali pamsonkhano. Anati lamulo latsopano la boma likuti sukulu yoonetsa zipatso pa kuwerenga ndiyo ilandire makalasi atsopano ndi mabuku, pamene yolephera kachiwiri ahedi ake achotsedwe ndipo dzina lake lilengezedwe pa wailesi. Anakumbutsa kuti ana a makalasi awiri akuphunzirira pansi pa mtengo, kuti mvula ikagwa sukulu imatha, ndiponso kuti njerwa zimene makolo anaumba zakhala zikusungunuka podikira malata. Anati mphunzitsi wa Sitandade 2 ali ndi ana ochuluka moti akumbuyo sawadziwa nkhope, ndiye boma likuyembekeza kuti awerenge bwanji?

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, mayi. Ine ndinasankhidwa kuti sukulu ija iime. Mlendo ndi mame, wabwera, wapita. Palibe mwana wafa."

"Bambo a Kachepa, mwaphunzitsa mwana wanu wamkulu kunama, wamng'ono mwamubisa ngati mbuzi yakuba. Ndiye mukuti palibe wafa."

"Ndamubisa tsiku limodzi kuti adzaphunzire pansi pa denga zaka zonse."

"Denga limawerenga? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Alendowo anabwera kudzaona nyererezo, inu mwawaonetsa khungu."

Atcheya anati sukulu zonse zozungulira zimachita chimodzimodzi, kungoti zina sizidziwa kachitidwe kake. Anati wokana kuvina pamene onse akuvina ndiye amaoneka wamisala. Mkaziyo anafunsa ngati ndi iwo anapereka ana awo kapena ahedi anachita kupempha. Iwo anayamba kupinda jekete lawo, ndipo iye anadziwa kuti anawapereka okha. Komabe mumtima sanathe kuwaweruza kotheratu. Anawaonapo amuna akewo akusenza njerwa za sukulu ija pamutu popanda wowalipira, ndipo ankadziwa kuti sanachite zimenezi kuti adye. Chimene chinamusowetsa mtendere n'chakuti nkhani zotere sizitha tsiku limene wozichita wanena kuti zatha.

Patapita masabata awiri, zotsatira zinabwera. Sukuluyo inaposa zonse za m'deralo. Ahedi anayenda mumsewu akugwira anthu chanza, ndipo Atcheya anayamba kudya bwino. Koma Lachitatu lake Mzime anafika kunyumba nthawi imodzi ndi anzake, thumba likulendewera. Anati kalasi ya masana kulibenso.

Tsiku lomwelo Madamu anabwera pakhonde kudzatenga diresi limene anasiya kuti alichepetse. Anali mayi wofatsa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ananena kuti akusamuka. Boma limaika aphunzitsi ngati iyeyo pa sukulu zolephera zokha, ndipo poti iyi yakhoza, amutumiza ku ina ya kutsidya kwa dambo, imene yakhala yomaliza. Make Kachepa anapinda diresilo mosafulumira, akumuyang'ana m'maso. Ankafuna kudziwa ngati nayenso anali m'chiwembucho.

"Tsiku la alendo lija munali kuti, Madamu?"

"Ananditumiza ku ofesi ya dera kukatenga choko."

"Choko chinali chitatha?"

"Chinalipo chodzaza kabati, mayi. Ndinadziwa. Ndinapitabe."

Make Kachepa anamupatsa diresilo. Kenaka Madamu anati chimene chikumupweteka n'chakuti Mzime anali pakhomo penipeni, miyezi yochepa chabe akanalowa. Anati chaka chamawa amukankhira ku Sitandade 3 poti mapepala akuti ndi katswiri, ndipo kumeneko palibe amene adzabwererenso kukamuphunzitsa zilembo. Mwana wotero amangokhala kumbuyo, kukopera zimene sakuzimva, mpaka tsiku limene adzatope. Make Kachepa sanafunike kuuzidwa zambiri. Iye mwini anatopa momwemo.

Mzime anaperekeza Madamu mpaka pamsewu, atawanyamulira diresi. Pobwera anafunsa make chifukwa chimene anzake akumutchulira kuti namba wani, pamene tsiku la mayesolo iye anali kunyumba. Make anati afunse bambo ake. Mwanayo sanafunse. Anangosiya kusaka zilembo pamatumba.

Loweruka Atcheya anabwera kuntchito msanga, nkhope ili yakugwa. Anazungulira nyumba, nayang'ana nkhuku, nafunsa za zinthu zopanda pake, kenaka n'kukhala pakhonde. Anati akuluakulu a ku unduna akubwera kudzapereka mabuku ndi kuika mwala wa maziko, ndipo mayi uja anayesa ana walamula kuti mwana amene anawerenga bwino koposa adzawerenge pamaso pa anthu onse. Dzina analitchula yekha.

"Walira mvula walira matope," anatero mkazi wawo, osasiya kusoka.

Iwo anati si nthawi ya miyambi. Kachepa ametenso, poti tsitsi layamba kumera, ndipo Mzime tsikulo akakhale kwa agogo ake. Kachepa, amene ankamvetsera ali pazenera, anati iye sapitanso, anzake akumutchula kale kuti khanda. Bambo ake anamuuza mofatsa kuti akakana, ahedi achotsedwa ntchito, makalasi sadzamangidwa, ndipo iwo sadzayendanso mumsewu uno. Anamusenzetsa mwanayo sukulu yonse pamutu wometawo, ndipo iye anavomera ndi misozi. Make anangopitiriza kusoka. Atcheya anayesa kuti kukhala chete ndi kuvomera.

Tsikulo litafika, bambo ndi mwana wamkulu atanyamuka, make Kachepa anasambitsa Mzime, namudzoza mafuta, namuveka yunifolomu yosita. Mwanayo anafunsa ngati akupita kwa agogo. Make anati akupita kusukulu kwake. Chimene akachite kumeneko iye mwini sankachidziwa. Ankangodziwa kuti sabisanso mwana wake ngati chinthu chochititsa manyazi.

Pabwalo la sukulu panali patamangidwa chisakasa, mipando ya alendo itayalidwa nsalu. Miyala ya m'mbali mwa njira inali itapakidwa laimu. Ahedi atawaona awiriwo akulowa, kumwetulira kwawo kunauma. Posakhalitsa mlamu uja anabwera akupuma mofulumira, nati achimwene akupempha kuti akhale kumbuyo kwenikweni. Make Kachepa anakhala pakati, Mzime ali pambali pake. Makolo oyandikana nawo anayang'ana mwanayo, nayang'ana Kachepa amene anali kutsogolo pakati pa tiana ta Sitandade 2, kenaka aliyense anapeza choyang'ana pansi. Panalibe mmodzi wosadziwa. Ambiri a iwo ana awo anali odwala a tsiku lija.

Zolankhula zinali zambiri. Ahedi anayamika aphunzitsi olimbikira. Atcheya anayamika boma. Bwana wamkulu wa ku unduna anati sukulu iyi yatsimikiza kuti ndondomeko yatsopano ikugwira ntchito, ndipo sukulu zaulesi zibwere zidzaphunzire kuno. Kenaka mayi wa ku unduna uja anaimirira ndi buku m'manja, naitana dzina la Mzime, lija la m'kaundula, limene kunyumba ankalitchula pokhapokha mwanayo akalakwa.

Kachepa anaimirira. Mzime nayenso anaimirira.

Dzanja la make linali litagwira kale m'mphepete mwa diresi la mwanayo. Akanangokoka pang'ono, mwana akanakhala pansi, mwambo n'kupitirira. Anaganiza za amuna ake, za njerwa zija, za maso a anthu onsewa pa kamwana kosadziwa kanthu. Mzime anatembenuka n'kumuyang'ana, osati mopempha, koma modabwa kuti akumugwiriranji poti amuitana. Make anatsegula dzanja.

Mwanayo anadutsa pakati pa anthu mpaka kutsogolo. Ahedi anathamangira kunena moseka kuti uyu ndi m'bale wake, wangoperekeza.

"Dzinalo ndi langa," anatero Mzime.

Kachepa anayang'ana bambo ake. Kenaka anabwerera pamalo pake n'kukhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo. Mayi wa ku unduna anaima kanthawi, buku lili m'malere, ndipo poti panalibenso mwana wina woimirira, analipereka kwa amene analipoyo.

Mzime anatsegula tsamba loyamba, naika chala. Anatchula chilembo choyamba, nachibwereza, natchula chachiwiri. Pachitatu anaima. Bwalo lonse linali zii, moti kunkamveka nsalu ya chisakasa ikukupiza. Anabwerera poyambira, nayesanso. Wina kumbuyo anaseka n'kudzitseka pakamwa. Make Kachepa anayang'ana kumipando ya alendo. Ankayembekeza kuti tsopano bwana aimirira, afunsa, ndipo chilichonse chiululika, zowawa zonsezi n'kukhala ndi phindu.

Amene anayamba kuomba m'manja anali mayi wa ku unduna uja. Anaseka mokoma, natenga bukulo, nauza anthu kuti mwana wachita manyazi ndi khamu, zimachitika ngakhale kwa akuluakulu, koma iye mwini anamumva akuwerenga ngati madzi. Bwana wamkulu anagwedeza mutu, naomba nawo. Ahedi anaomba mwamphamvu kuposa onse, nakodola kwaya kuti iyambe. Makolo nawonso anaomba. Mzime anabwerera kwa make ali ndi chikwama chatsopano cha mphoto, misozi ikugwera pachikwamapo.

Mwambo utatha, alendo akupita kumagalimoto, make Kachepa anadutsa pakati pa aphunzitsi n'kukaima pachitseko cha galimoto ya mayi uja. Anapereka moni mwaulemu, nanena kuti iye ndi mayi wa mwana uja, ndipo mwanayo sanachite manyazi, sadziwa kuwerenga. Anati sakufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Akungopempha kuti kalasi ya masana ibwerere.

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. Anati zotsatira zinapita kale kulikulu, dera lonse layamikiridwa, ndipo iye alibe mphamvu yobweza chimene chasainidwa. Mphunzitsi wapadera ndi wa sukulu zolephera.

"Yanuyi inakhoza, mayi. Muzinyadira." Analowa m'galimoto, natsitsa galasi pang'ono. "Wamkuluyo musamuleketse sukulu. Ali ndi mutu. Ndinamuona tsiku lomwe lija, mano akewo si a Sitandade 2."

Galimoto inanyamuka. Make Kachepa anaima m'fumbimo mpaka linatha. Masabata onsewa ankaganiza kuti pali wonamiza ndi wonamizidwa. Tsopano anaona kuti bodzalo linali ngati mtolo umene aliyense akuulandira mosamala n'kupatsira wapamwamba pake, ndipo palibe amene ankafuna kuumasula.

Kunyumba Atcheya sanakalipe. Anati Mulungu wawapulumutsa, ndipo anapempha kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Mkazi wawo anavomera kuti yatha. Lolemba m'mawa anaphimba makina ndi nsalu, navala nsapato zoyendera, nauza Mzime kuti atenge makope ake onse. Atcheya anafunsa kumene akupita.

"Kutsidya kwa dambo. Ndikukamulembetsa ku sukulu yolephera."

"Mwana wa tcheya achoke pa sukulu yoyamba kupita pa yomaliza? Anthu adzati chiyani?"

"Adzaomba m'manja. Amadziwa kuomba."

Iwo anati ndi kutali, mvula ikayamba dambolo limadzaza, ndipo makasitomala ake amuthawa akamatseka makina m'mawa uliwonse. Iye anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Atcheya anayang'ana Mzime. Anapatuka pakhomo.

Ulendowo unali wautali kuposa mmene ankaganizira. Anafika dzuwa litatentha, miyendo ili yotuwa. Sukuluyo inali yosapaka laimu, mazenera ena otsekedwa ndi makatoni. Ahedi a kumeneko, bambo wachikulire wotopa ndi wa maso okayikira, atamva dzina la mwanayo ndi sukulu imene akuchokera, anavula magalasi. Anafunsa ngati watumidwa kudzawaseka, kapena ngati pali mlandu umene akuthawa. Anati dzinalo analimva, ndi la mwana amene anaposa dera lonse, ndipo mwana wotero sangamuike kwa Madamu, chifukwa malo ndi ochepa ndipo ndi a ana ovutikadi. Oyang'anira akadzapeza katswiri m'kalasi imeneyo, iye adzayankha chiyani?

"Musamve za dzina, ahedi. Mpatseni buku."

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga kabuku kong'ambika pa tebulo, nakatsegula, nakaika patsogolo pa Mzime. Mwanayo anayang'ana make mwamantha.

"Werenga mmene umawerengera, mwanangu. Pano palibe wokuombera m'manja."

Mzime anaika chala. Anatchula chilembo choyamba, natchula chachiwiri, nakakamira pachitatu. Anayesanso, nakakamira pomwepo. Ahedi anadikira, osamuthandiza, osaseka. Atatsimikiza anatseka kabukuko n'kupumira m'mwamba.

"Mayi, mwana uyu sadziwa kuwerenga."

Make Kachepa anamva mapewa ake akutsika, ngati watula mtolo wa nkhuni pakhomo.

"Zikomo, ahedi," anatero. "Lembani momwemo."